Kusintha mapadi a mabuleki pakhomo: zimene eni magalimoto a ku Chama ayenera kudziwa

Galimoto ikayamba kulira ngati chitsulo chikukhulana ndi chinzake nthawi iliyonse dalaivala akaponda buleki, munthu wa ku Lusaka kapena ku Chipata amangokhotera pa galaja yapafupi. Kwa mwini galimoto wa m'boma la Chama, kumpoto kwa chigawo cha Kum'mawa m'dziko la Zambia, nkhani imakhala ina. Kuchokera ku Chama kukafika ku Lundazi ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 160, ndipo kuti munthu afike ku Chipata, kumene zipangizo za galimoto zimapezeka zamitundumitundu, ayenera kuwonjezerapo ena pafupifupi 180. Boma la Chama linaikidwa m'chigawo cha Muchinga m'chaka cha 2011 ndipo linabwezedwa ku chigawo cha Kum'mawa mu 2021, koma mtunda umenewu sunafupike.

Kaamba ka ichi, kusintha mapadi a mabuleki pakhomo ndi luso lothandiza kwambiri kwa mlimi, mphunzitsi kapena wamalonda yemwe ali ndi galimoto m'derali. Ntchito yake si yovuta. Pa magalimoto ambiri aang'ono imafuna kumasula manati a tayala ndi bawuti imodzi kapena ziwiri. Chovuta chili pa zinthu zomwe anthu amazithamangira: kugula mapadi oyenera, kuchirikiza galimoto bwino, ndiponso kuyang'anitsitsa mapadi akale asanatayidwe, chifukwa mapadi amenewa ndiwo amaulula matenda enieni a mabulekiwo.

Mmene mabuleki amagwirira ntchito

Kuseri kwa tayala lakutsogolo kuli mbale yachitsulo yotchedwa disiki, yomwe imazungulira limodzi ndi tayalalo. Disikiyi yapanidwa ndi chitsulo china chotchedwa kalipa, ndipo m'kati mwa kalipa muli mapadi awiri, ina kumbali ya m'kati, ina kumbali ya kunja. Dalaivala akaponda buleki, mafuta a mabuleki amakankha pisitoni, pisitoni imakankha mapadi, ndipo mapadi amafinya disiki mpaka tayala litaima.

Mphamvu yonse ya liwiro imasanduka kutentha. Galimoto yolemera makilogalamu 1,200 ikaima kuchokera pa liwiro la makilomita 80 pa ola, mabuleki amalandira kutentha kotsala pang'ono kukwana kuwiritsa lita imodzi ya madzi, ndipo zimenezi zimachitika m'masekondi ochepa chabe. Liwiro likawirikiza kawiri, kutenthako kumawirikiza kanayi. Pafupifupi magawo awiri mwa atatu a ntchitoyi amagwera mabuleki akutsogolo, n'chifukwa chake mapadi akutsogolo ndiwo amayamba kutha.

Misewu ya ku Chama imawonjezera mavuto ake. Msewu wa Lundazi wakhala wafumbi pa mtunda waukulu kwa zaka zambiri, ndipo fumbi ndi mchenga zikalowa pakati pa padi ndi disiki zimapala ngati tupa. M'nyengo ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Epulo, magalimoto amawoloka timitsinje totsikira mu Luangwa ndipo matope amalowa paliponse. Kwa amene akuchokera ku msewu waukulu wa Great North kudzera ku Matumbo, pali chitsikwe cha mapiri a Muchinga. Kenaka pali katundu: nyengo yokolola ikafika, galimoto yomwe inapangidwira anthu asanu imanyamula matumba a mpunga wotchuka wa ku Chama pamodzi ndi eni ake. Choncho nambala ya makilomita imene buku la galimoto limanena kuti mapadi angayende siyenera kudaliridwa kwenikweni kuno. Chodalirika ndi kuyang'ana ndi maso.

Padi yatsopano imakhala yochindikala mamilimita 10 mpaka 12, osawerengera chitsulo chakumbuyo kwake. Ikafika pa mamilimita 3 yakwana nthawi yosintha. Mapadi ambiri ali ndi kachitsulo kakang'ono kamene kamayamba kukhudza disiki padi ikatsala pang'ono kutha, ndipo kamalira kaphokoso kosongoka ngati mluzu. Limeneli ndi chenjezo chabe. Phokoso likasintha n'kukhala lokhuluza, ndiye kuti padi yatheratu ndipo chitsulo chikudya disiki, yomwe mtengo wake ndi wokwera kuposa wa mapadi.

Kugula

Magalimoto ochuluka a m'Zambia ndi ogwiritsidwa kale ntchito ochokera ku Japan, omwe ambiri amalowa kudzera pa doko la Dar es Salaam ndi chipata cha Nakonde. Vuto lake ndi lakuti dzina limodzi limabisa magalimoto osiyanasiyana. Kutuma munthu ku Chipata kuti akagule mapadi a Corolla kapena a Hilux sikukwanira, pakuti Corolla ya chaka china ili ndi mapadi osiyana ndi a inzake. Chofunika ndi nambala ya chesisi, monga NZE121 pa Corolla ina, yomwe imapezeka pa kachitsulo kolembedwa pansi pa boneti kapena pa mphuthu ya chitseko, komanso m'buku la galimoto lomwe anthu amalitcha white book. Njira ina yabwino ndi kujambula padi yakale pa foni pambali pa lula, kapena kutumiza padi yeniyeniyo. Munthu amene wachotsa kale matayala ndiyeno n'kupeza kuti mapadi amene amutumizira pa basi sakulowa, amakhala masiku angapo galimoto ili m'mwamba.

Mapadi amagulitsidwa anayi m'bokosi limodzi, awiri a tayala lakumanja ndi awiri a lakumanzere, ndipo onse anayi ayenera kulowa tsiku limodzi. Kusintha mbali imodzi yokha pofuna kusunga awiri enawo kumachititsa kuti galimoto izikokera mbali imodzi ikamaima, zomwe pa msewu wa miyala kapena woterera zingaigwetsere m'ngalande.

Pa nkhani ya mtengo, mapadi otsika mtengo kwambiri nthawi zambiri ndiwo odula, chifukwa amatha msanga ndipo ena amakanganuka pa chitsulo chake akatentha. M'maiko a ku Ulaya mapadi olowa m'malo mwa oyambirira amayesedwa motsatira lamulo lotchedwa ECE R90, lomwe limafuna kuti mphamvu yawo isasiyane ndi ya oyambirirawo ndi magawo oposa 15 pa 100 alionse. Chizindikiro chimenechi chikapezeka pa bokosi ndi pa padi penipeni chimalimbitsa mtima, ngakhale kuti anthu opanga katundu wachinyengo nawonso amadziwa kusindikiza zilembo. Bokosi lopanda dzina la kampani ndi nambala ya chipangizo ndi lofunika kulisiya pa shelefu.

Kukweza galimoto

Ngozi yaikulu pa ntchitoyi imachitika munthu asanakhudze n'komwe mabuleki. Jeke imene imabwera ndi galimoto inapangidwira kusintha tayala pamsewu kwa mphindi zochepa, osati kunyamula galimoto pamene munthu akulimbana ndi bawuti yadzimbiri mutu uli m'kati. Pabwalo la mchenga kapena dothi lonyowa jeke imatitimira ndi kupendekeka. Galimoto iyenera kuimikidwa pamalo olimba ndi osatsetsereka, thabwa lochindikala liikidwe pansi pa jeke, handibuleki ikokedwe, giya ilowetsedwe, ndipo matayala akumbuyo atsekerezedwe ndi miyala kapena zipika kutsogolo ndi kumbuyo.

Manati a tayala amayamba amasulidwa pang'ono galimoto idakali pansi. Ikakwezedwa, kulemera kwake kuyenera kukhala pa zochirikizira zachitsulo zotchedwa axle stand, ndipo ngati palibe, pa chipika cha mtengo wolimba chodulidwa mosalala mbali zonse ziwiri. Njerwa ndi mabuloko a simenti siziyenera kugwiritsidwa ntchito ngakhale zili pafupi, chifukwa zimaphwanyika mwadzidzidzi popanda chenjezo. Tayala lomwe lachotsedwa ligonekedwe pansi pa galimoto, kuti ikagwa igwere pa tayalalo. Ana, omwe sasowa pamene galimoto ikukonzedwa, ayenera kuonerera ali patali.

Nzeru ya amakaniko ndi kugwira mbali imodzi mpaka kumaliza. Munthu akaiwala mmene kachitsulo kena kanakhalira, mbali inayo imakhala chitsanzo.

Pa magalimoto ngati Corolla, kalipa imagwiridwa ndi mabawuti awiri kumbuyo kwake, ndipo nthawi zambiri amafuna sipanala ya 14. Kupinda chiwongolero kumathandiza kuti mabawutiwa aonekere. Bawuti ya m'munsi ikachotsedwa, kalipa imatukulidwa m'mwamba ngati chivundikiro cha bokosi ndipo mapadi amasololoka ndi dzanja. Kalipayo imangiriridwe ndi waya ku sipuling'i. Siyenera kulendewera pa payipi ya labala imene imabweretsa mafuta, chifukwa payipiyo ikhoza kuwonongeka m'kati koma kunja ikuoneka yabwinobwino. Pa ma Hilux ambiri oyendera matayala onse anayi ndi pa Land Cruiser, kalipa yakutsogolo ili ndi mapisitoni mbali zonse ziwiri ndipo sichotsedwa: amangochotsa kawaya kotsekera, kusolola mapini awiri, mapadi n'kutuluka.

Fumbi lakuda lomwe limapezeka pamenepa siliyenera kuuziridwa ndi pakamwa kapena ndi pampu. Kale mapadi ankapangidwa ndi asibesitosi, yemwe fumbi lake limayambitsa khansa ndi matenda ena a m'mapapo patapita zaka zambiri. Dziko la Japan linaletsa asibesitosi m'mabuleki mu 2004 ndipo maiko a m'bungwe la European Union anamuletseratu mu 2005, koma si maiko onse opanga mapadi amene anachita chimodzimodzi. Nsanza yonyowa ndi chophimba pamphuno ndi zokwanira.

Zimene mapadi akale amanena

Apa ndi pamene ntchito yabwino imasiyana ndi yongowononga ndalama. Mapadi anayi akale ayenera kuyalidwa pansi monga mmene analili pa galimoto ndi kuyerekezedwa.

Ngati onse atha mofanana, mabuleki ali bwino ndipo mapadi angokalamba. Koma ngati pa tayala limodzi padi ina yatheratu pamene inzake idakali yochindikala, vuto si mapadi. Kalipa ya pisitoni imodzi imayenera kutsetsereka pa mapini awiri kuti ifinye disiki mbali zonse mofanana. Mapini amenewa amatetezedwa ndi timalabala topindikapindika, ndipo kalabala kakang'ambika, madzi a pa zambuko ndi matope zimalowa, dzimbiri n'kugwira pini. Kuyambira pamenepo padi imodzi imagwira ntchito ya awiri. Padi yomwe yatha mopendekeka, mbali ina yopyapyala ina yochindikala, imasonyeza kuti pini imodzi yokha ndiyo yagwidwa. Kwa galimoto yoyenda m'chigwa cha Luangwa nthawi ya dzinja, awa ndiwo malo oyamba kuwakayikira, ndipo amene waika mapadi atsopano osakonza mapini adzagulanso ena miyezi yochepa ikubwerayo, n'kumadandaula kuti wamalonda anamugulitsa katundu wabodza.

Pini iliyonse isololedwe, ipukutidwe, dzimbiri lichotsedwe, ndipo ipakidwe girisi wa mabuleki wopangidwa ndi silikoni. Girisi wamba wa mabering'i kapena oyilo wa injini amafufumitsa labala, ndipo pini imagwidwanso kuposa poyamba. Kalabala kong'ambika kasinthidwe. Pini yabwino imalowa ndi kutuluka ndi zala ziwiri. Timipata momwe makutu a padi amakhala tiyeretsedwe ndi bulashi ya waya kuti padi yatsopano izisuntha momasuka koma osagwedera.

Padi yomwe nkhope yake ikunyezimira ngati galasi, kapena yang'alukang'aluka, inapsa. Zimenezi zimaloza ku kayendetsedwe: kutsika phiri phazi lili pa buleki njira yonse. Padi yonyowa ndi mafuta ndi nkhani yoopsa kwambiri, chifukwa imatanthauza kuti pisitoni ikudontha, ndipo pamenepa ntchito ya pakhomo yathera pompo.

Disiki nayonso iyang'anidwe. Timizere tosazama si vuto. Koma ngati ili ndi ngalande zoti chikhadabo chikukodwamo, ming'alu, kapena mlomo waukulu m'mphepete, iyenera kupimidwa. Pa disiki iliyonse pamadindidwa nambala, kawirikawiri pambali pa zilembo za MIN TH, yosonyeza kupyapyala kumene siyenera kupitirira. Ngati chopondera chimanjenjemera poima, disiki yatha mosafanana ndipo mapadi atsopano sangachize zimenezo.

Kubwezera pisitoni ndi kumanga

Pamene mapadi akale ankatha, pisitoni inkatuluka pang'onopang'ono kuwatsatira. Kuti atsopano alowe iyenera kubwezedwa m'kati. Chitsekero cha kabotolo ka mafuta a mabuleki pansi pa boneti chimasulidwe, padi yakale iikidwe pa pisitoni, ndipo ikanikizidwe pang'onopang'ono ndi chopanira chotchedwa G-clamp. Mafuta amabwerera m'kabotolo, ndipo ngati wina ankawonjezera mafuta pamene mapadi ankatha, amasefukira. Otsalawo achotsedwe ndi jekeseni yoyera, chifukwa mafuta amenewa amasupula penti. Pisitoni yomwe ikukana kubwerera ngakhale ikanikizidwe bwino yagwidwa ndi dzimbiri, ndipo kuimenya ndi hamala kumangowonjezera vuto.

Anthu ambiri amaganiza kuti mafuta a mabuleki amatha ngati petulo. Satha. Akatsika pang'ono m'miyezi yambiri ndiye kuti mapadi akudyeka, ndipo akatsika msanga ndiye kuti pena pake pakudontha. Mtundu wake walembedwa pa chitsekero, DOT 3 kapena DOT 4 pa magalimoto ambiri. Mafutawa amayamwa chinyezi cha mumpweya. A DOT 3 atsopano sawira mpaka kutentha kutafika madigiri 205, koma akayamwa madzi malire ake amatsikira pa madigiri 140. Mafuta akawira m'kalipa pa chitsikwe chachitali, chopondera chimangolowa mpaka pansi popanda kugwira. N'chifukwa chake makampani ambiri amalangiza kuwasintha pa zaka ziwiri zilizonse, ndipo botolo lomwe lakhala lotsegula chaka chathunthu m'nyumba siloyenera kuthiridwanso m'galimoto. Mafuta a DOT 5 ndi a mtundu wina ndipo sasakanizidwa ndi enawa.

Posintha mapadi palibe chifukwa chomasulira payipi kapena kabawuti kotulutsira mpweya. Zikamasulidwa, mpweya umalowa ndipo pamafunika ntchito ina ya anthu awiri youtulutsa.

Mapadi atsopano alowe monga mmene akale analili, kachitsulo kochenjeza kali malo ake ndipo timalata topyapyala takumbuyo tabwezeredwa. Girisi kapena manja amafuta zisakhudze nkhope ya padi kapena disiki. Kalipa itsitsidwe, mabawuti amangidwe molimba koma osakwerapo ndi phazi. Manati a tayala amamangidwa modumphitsa, ina apa ina kutsidya, ndipo amamalizidwa galimoto itatsitsidwa pansi. Pa Corolla muyezo wake ndi 103 Nm kwa amene ali ndi sipanala yopimira. Ayang'anidwenso galimoto ikayenda makilomita 50 oyamba, makamaka pa msewu wamabampu.

Kenaka pali chinthu chimodzi chomwe chikaiwalika chingaphe munthu pabwalo pomwepo. Popeza pisitoni yabwezedwa m'kati, kuponda koyamba sikugwira chilichonse. Galimoto isanasunthe, dalaivala ayenera kupondaponda buleki kangapo mpaka chopondera chitalimba, kenaka n'kuyang'ananso muyezo wa mafuta m'kabotolo ndi kutseka chitsekero. Amene waiwala zimenezi amazindikira galimoto ikubwerera m'mbuyo kulunjika ku nkhokwe kapena kwa mwana. Ngati chopondera chikukhalabe chofewa, kapena chikulowa pang'onopang'ono phazi likangokhalapo, galimotoyo isatuluke pakhomo.

Mapadi atsopano amafuna kuzolowerana ndi disiki. Pa msewu wowongoka wopanda anthu, njinga kapena ziweto, galimoto ithamangitsidwe kufika makilomita 50 pa ola ndi kuchepetsa liwiro mofatsa mpaka kutsala pang'ono kuima, maulendo 8 kapena 10, ndi kupatsa mabuleki mpata wozizira pakati pake. Pa makilomita 200 oyamba ndi bwino kupewa kuima mwadzidzidzi ngati palibe chokakamiza. Likhoza kukhala ganizo loipa kusintha mapadi madzulo ndi kunyamuka m'mawa wake ndi katundu wodzaza kulowera ku mapiri.

Kuti mapadi akhalitse, giya yotsika ndiyo iyenera kugwira galimoto potsika phiri, buleki n'kumangothandizira mwa apo ndi apo. Magalimoto a otomatiki nawonso ali ndi magiya amenewa, olembedwa 2 ndi L pa ambiri ochokera ku Japan. Galimoto ikangowoloka madzi, kuponda buleki mopepuka kangapo ikuyenda pang'onopang'ono kumaumitsa mapadi. Ndipo mvula ikatha mu Epulo, ndi nthawi yabwino yochotsa matayala akutsogolo, kutsuka matope ouma ndi kuyesa mapini, ngakhale mabuleki asanayambe kulira.

Zonse zimene zafotokozedwazi zikukhudza mabuleki akutsogolo. Kumbuyo, magalimoto ambiri a m'derali, kuphatikizapo Hilux ndi Probox, ali ndi mabuleki a dilamu, omwe ali ndi masipuling'i ambiri olimba ndi kachipangizo kosinthira mpata, ndipo amasunga matope m'kati kuposa a disiki. Magalimoto ena ali ndi disiki kumbuyo koma pisitoni yake imabwezedwa mozungulitsa, osati mokankha, ndipo atsopano omwe handibuleki yake ndi batani lamagetsi amafuna njira yapadera, nthawi zina makina a kompyuta. Ntchito zimenezi, pamodzi ndi pisitoni yodontha, payipi yong'aluka ndi nyali ya ABS yomwe sikuzima, ndi za makaniko wophunzira.

Lamulo silifunsa kuti ndani anamanga mabuleki. Bungwe loona za kayendedwe ndi chitetezo cha pamsewu la Road Transport and Safety Agency, RTSA, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la pamsewu la nambala 11 la chaka cha 2002, limayesa mabuleki pamodzi ndi magetsi, matayala ndi chiwongolero lisanapereke chiphaso chakuti galimoto ndi yoyenera kuyenda, ndipo udindo wosunga galimoto ili bwino uli pa mwini wake ndi woiyendetsa. Kwa amene amanyamula anthu pa malipiro pakati pa Chama, Lundazi ndi midzi ya kwa Tembwe, Chikwa kapena Chifunda, ndi chanzeru kuti makaniko aonenso ntchitoyo galimoto isanakweze munthu. Padi imodzi yakale isungidwe m'bokosi lomwe munabwera atsopano, tsiku ndi makilomita a pa mita zitalembedwa pa chivundikiro, kuti ulendo wotsatira wotumidwa ku Chipata adzanyamule chitsanzo m'thumba.